Mvula ya M'paipi

Kodambakkam, Madras
9 Ogasiti 1987

Ponnuthai,

Moni kwa iwe, kwa mtsikana wathu Vasuki ndi kwa kamnyamata kathu Marudhu. Ine kuno ndadzuka, thupi lili m'malo mwake. Ndifuna kumva za inu, makamaka mwendo wako uja ngati unasiya kutupa. Alamu a Kasi, popeza ndinu mukumuwerengera mlongo wanu kalatayi, landirani moni nanunso, ndipo muwerenge zonse mmene ndalembera. Musadumphe, musathirenso mchere.

Ntchito ndaipeza. Usaseke: ndimagwetsa mvula. Ndili m'gulu la a Aasirvatham, mkulu wina wa ku Thoothukudi amene wakhala akunyowetsa anthu a m'mafilimu kuyambira ife tisanakwatirane. Akafuna mvula m'filimu amabweretsa madzi pa malole a thanki, ife timakwera pansanja ndi mapaipi onga a ozimitsa moto, n'kudikira. Bwana wa filimu akakuwa kuti "Mvula!" timatsegula. Akakuwa kuti "Basi!" timatseka.

Tsiku loyamba ndinalozetsa paipi kwa anthuwo mwachindunji, mpaka mtsikana wina wovina anagwa chagada. A Aasirvatham anandilanda paipiyo.

"Iwe wa ku Ramnad, ukuthirira tsabola kapena?"

"Pepani achimwene."

"Pepani wakoyo kamuuze uyo wakhala m'matopeyo. Unaionapo mvula yochokera m'mbali? Kapena kwanuko simunaione n'komwe? Loza kumwamba, tsekako kukamwa kwa paipi ndi chala, madziwo aiwale kuti achokera kwa iwe. Azigwa okha."

Onse anaseka, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina langa kuno ndi Ramnad, dzina la dera lathu. La Irulandi palibe amalidziwa.

Ndatumiza marupiya 150 pa positi. Ugule mpunga wa kusitolo ya boma ndi palafini, zotsalazo zikhale za kusukulu kwa Vasuki. Nsapato adikire.

Tsopano umvetse bwino. Mtsuko wa mbewu uja usautsegule. Uone ngati matope amene ndinamata pakamwa pake sanang'ambike, ndipo ngati ang'ambika umatenso. Ukudziwa kuti munda wathu ndi wamchere, uli kumapeto kwa ngalande, ndipo mpunga woyera wa kusitolo sumerako. Malemu bambo anayesa, inenso ndinayesa. Umene umapirira ndi wofiira uja wa bambo, ndipo m'mudzi monse watsala kwa ife tokha, enawo anausiya kalekale. Chaka chatha theka linathera m'fumbi. Umene watsalawo ndi wofesa kamodzi basi. Ukatha umenewo ndiye kuti munda watha. Nthawi yofesa ndidzanena ndine.

Ndine mwamuna wako,
Irulandi

30 Ogasiti 1987

Ponnuthai,

Ndakondwa kumva kuti mwendo uli bwino ndi kuti Marudhu wayamba kuyenda osagwira khoma. Ine ndili bwino, kungoti ndimakhala wonyowa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo malaya sauma m'chipinda chimene timagona.

Kalata yako ndaiwerenga kawiri. Mawu ena ndi ako, ena ndikuwadziwa eni ake. Chikukwatirire sindinakumvepo ukunena kuti "phindu". Alamu, yankho langa ndi ili: ayi. Munda wa bambo sindikupatsani kuti mumeretsemo mitengo yanu yaminga ya makala. Ndikudziwa kuti mungamalipire chaka ndi chaka, ndikudziwanso kuti mitengoyo sifuna mvula. Koma ndionetseni munda umodzi umene munalowa mingayo mpunga n'kubwereramo. Inu otchani makala anu m'minda ya amene atopa. Ine sindinatope.

Ntchitoyi ndayamba kuizolowera. Mvula ili mitundumitundu. A Aasirvatham amati, "Ya chikondi ikhale yopyapyala, mtsikana anyowe koma utoto wa m'maso usasungunuke. Ya maliro igwe mowongoka, yolemera, isamasewere. Ya ndewu, tsegula yonse, aphane." Nthawi zina timathira mkaka m'thanki kuti madontho aoneke bwino pa kamera. Mkaka weniweni, Ponnuthai, zitini zingapo. Ndinaganiza za Marudhu, kenaka ndinasiya kuganiza.

Sabata ino yonse tinali pa nyimbo imodzi. Chimkuzamawu chimabwereza mzere womwewo, mnyamata n'kumathamangitsa mtsikana kuzungulira mtengo wa mapepala, ife pamwamba tikuwathira. Kumudzi ndikamva nyimbo ya mvula pa wailesi ya pogulitsira tiyi ndinkaima mpaka ithe, iwe n'kumanena kuti ndikukonda mtsikana wa mu wailesi. Tsopano ndikaimva, phewa limangoyamba kuwawa. Mtsikanayo ndamuona. Amanjenjemera mpaka milomo kuda, koma bwana akangoti tiyambe, amamwetulira. Ameneyonso ndi waganyu ngati ife, kungoti iye akamaliza amamufunditsa thaulo ndi kumupatsa tiyi.

Mumzinda muno madzi avuta kuposa kwathu. Kuseri kwa mpanda wa situdiyo kuli ngalande imene mvula yathu imatulukira, ndipo amayi a m'tizisakasa ta pafupi amadikira pamenepo ndi mitsuko yapulasitiki. Dzulo mmodzi anandikuwira ndili pansanja.

"Achimwene a mvula! Mawa kuli ya chikondi kapena ya ndewu?"

"Ya ndewu, amayi."

"Eya, ndibwera ndi mitsuko itatu. Ya chikondi ija ndi yaumbombo, imangotinyowetsa zala."

Ndalama ndatumiza zochepa chifukwa ndagula bulangete. Kwa alamu usabwereke kanthu, ngakhale akupatse akumwetulira. Alamu, werenganinso mzere umenewo mokweza.

Ndine,
Irulandi

20 Sepitembala 1987

Ponnuthai,

Ndikhulupirira kuti nonse mwadzuka. Ine ndili ndi kachifuwa, si kanthu, aliyense wa pansanja ali nako. Chala chachikulu cha kumanja chimene ndimatsekera paipi chachita dzanzi. Ndikachibaya ndi singano sindimva. Ngati zilembo zikupendama, chifukwa chake n'chimenecho.

Wanena kuti aneba athu a Mayandi ndi anzawo afesa kale m'fumbi, ndi kuti anthu akukufunsa kuti ife tikudikira chiyani. Uwayankhe kuti tikudikira mwini munda. A Mayandi ali ndi thumba lina kuseri kwa chitseko, akataya afesanso. Ife tilibe. Mbewu ikagona m'fumbi nthawi yaitali, nyerere ndi mbalame zimatola. Choipa koposa ndi kamvula kowaza kamene kamaidzutsa n'kuisiya padzuwa. Chaka chatha tinaziona ndi maso athu.

Chaka chino sindiyang'ana nyerere kapena kumvera achule. Kuno kuli bwana woona za ndalama, a Chakrapani, amene m'mawa uliwonse amaimbira foni a zanyengo, chifukwa mvula yeniyeni imawaonongera tsiku. Ine ndimaima pafupi ndi zenera lawo ngati ndikukulunga paipi. Mvula isanafike ndidzadziwa ndine, mudzi wonse usanadziwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndamva kuti amayi a m'mudzi munazungulira nyumba zonse kupempha mpunga wotsala, n'kukamwa phala lopanda mchere kukachisi wa mulungu wathu wamkazi Amman, n'kulira maliro kuti kumwamba kuchite manyazi. Ndamvanso kuti woimba chitoliro analiza nyimbo yoitana mvula mpaka milomo kutupa. Unachita bwino kupita, anthu angatinene. Kaya unalira nawo zenizeni, kaya unangotsegula pakamwa. Ine ndikanakhala konko ndikanangotsegula pakamwa.

Tsopano nkhani ija unaiika kumapeto, ngati kuti sindiiona. Ukuti mpunga wa boma ukutha mwezi usanathe, ndi kuti unapeza Vasuki atakhala pansi, atatsamira mtsuko wa mbewu, akuununkhiza. Ukupempha kutapako muyezo umodzi wokha. Ayi, Ponnuthai. Ndikudziwa kuti ndi mwana wanga, ndikudziwanso kuti akuonda, sukufunika kundiuza kawiri. Koma mtsuko ukatsegulidwa kamodzi sutsekekanso. Lero muyezo, mawa muyezo, tsiku lofesa mupezamo fungo lokha. Umuuze kuti mpunga umenewo adzaudya pa Pongal, chikondwerero cha zokolola cha mu Januwale, wodzaza mphika, mpaka adzaukana yekha. Gulitsa nkhuku yakuda ija.

Sabata ino sinditumiza kanthu. Filimu ina yaima, ndipo malipiro athu aima nayo. Pali zinanso, koma ndidzanena pamaso.

Ndine,
Irulandi

12 Okutobala 1987

Ponnuthai,

Moni nonse. Chifuwa chikadalipo koma lero sindikuchimva. Ndikhulupirira kuti telegalamu yanga inafika Lachisanu ndi kuti pamene alamu akuwerenga kalatayi mbewu ili kale m'nthaka.

Zinayenda chonchi. Lachisanu m'mawa a Chakrapani anatuluka mu ofesi nkhope itagwa, n'kuuza bwana wa filimu kuti m'nyanja muli namondwe, mvula igwa gombe lonse kwa masiku angapo. Ndinaiwala kuti ndine ndani, ndinalowerera.

"Mpaka ku Ramnad, bwana?"

"Ndati gombe lonse. Ndiwe gonthi? Ndani ameneyu?"

"Wa mvula, bwana," anatero a Aasirvatham.

"Ndiye akukondwera chiyani? Mawa alibe ntchito."

Ndinasiya paipi pansi n'kuthamangira ku positi, malaya akudontha. Kalaliki anandifunsa mawu, ndinati limodzi lokha: FESA. Anandiyang'ana n'kunena kuti mawu amodzi ndi mawu khumi mtengo wake ndi womwewo, ndionjezere moni. Ndinati zina adziwa okha.

Ndipo yagwadi. Inayamba Loweruka, mpaka pano siinakate. Ntchito yaima, chifukwa mvula yeniyeni siioneka pa kamera, komanso kunja kwada. Tsono takhala pansi pa malata, amuna asanu ndi mmodzi ndi thanki yodzaza madzi, kudikira kuti mvula isiye kuti tigwetse mvula. A Aasirvatham amangoiyang'ana akupukusa mutu.

"Wabwera mwini ntchito. Koma taonani mmene akugwetsera, uku yambiri, uku yochepa, mphepo osaiwerengera. Ameneyu kwa ine sangathe sabata."

Mumsewu ana akuvina maliseche, wailesi ya pa tiyi ikungoliza nyimbo za mvula, ndipo wokazinga zitumbuwa za anyezi sakupuma. Tizisakasa ta kuseri kwa mpanda tamira mpaka m'mawondo. Amayi a mitsuko itatu aja ndinawaona atasenza mphasa ndi mwana, ndipo anandikuwira kuti, "Achimwene, tsekani, yakwana!" Walira mvula walira matope.

Ndinatuluka n'kuima pabwalo kuti indinyowetse. Ndimayesa ndimva chinachake, monga kale. Ndinangomva kuzizira, ndipo chala changa chinkafunafuna potseka. Komabe mtima wakhala pansi. Ndikatseka maso ndikuona madzi akulowa m'dziwe la mudzi.

Ngati simunakwirire bwino, upemphe ng'ombe za a Mayandi mudutsitse thabwa kamodzi. Pakona ya kumgwalangwa fumbi ndi lakuya, pamenepo usathire yambiri. Vasuki aziingitsa mbalame akaweruka. Madzi akayamba kubwera m'ngalande, upite wekha ukaime pamene amagawira, apo ayi a kumtunda atseka. Undilembere msanga.

Ndine,
Irulandi

1 Novembala 1987

Ponnuthai,

Moni. Ine ndilipo. Za inu sindikudziwa, chifukwa kalata yako siinabwere. Tsiku lililonse ndimafunsa kwa mwini nyumba, mpaka wayamba kupukusa mutu ndisanatsegule pakamwa. Alamu, ngati dzanja lanu ladwala, pezani wina alembe.

Chikondwerero cha nyali cha Deepavali chadutsa. Sindinabwere chifukwa ndinalibe ya basi. Nsalu ya Vasuki ndi kabudula wa Marudhu ndinapatsira mwana wa a Mayandi amene amagwira ntchito kudoko, kaya anafikitsa.

Lachitatu ndinapita kumsika kukagula mankhwala a chifuwa, ndipo ndinaona lole ya makala yolembedwa Paramakudi, tauni ya kwathu. Dalaivala anali atagona pansi pake. Ndinamudzutsa n'kumugulira tiyi.

"Achimwene, kwathu yagwa bwanji?"

"Chiyani?"

"Mvula. Ya namondwe ija."

"Aa, ija? Inawaza tsiku limodzi, fumbi linangonunkhira. Namondwe wanuyo anakhotera kumpoto. Inu a ku Madras ndi amene munamwa yonse."

"Ndi dziwe?"

"Ana akumenyeramo mpira."

Anamaliza tiyi wake n'kubwerera pansi pa lole. Mankhwala aja ndinaiwala kugula.

Mwina iye amanena za kutauni. Mvula imatha kudumpha mudzi uwu n'kugwa winawo, tonse tikudziwa. Ndiuze zoona zake. Kodi telegalamu inafika tsiku lomwelo? Mwina inachedwa, a positi amatero. Mwina alamu anaiika m'thumba n'kuiwala. Mwina unayang'ana kumwamba n'kuona kuti mwamuna wako wapenga, n'kusiya mtsuko uli chitsekere. Chikwatirane sindinafunepo kuti usandimvere, koma lero ndikufuna.

Ngati unafesa, undiuze ngati yamera. Ngati siinamere ikhoza kudikirabe. Ngati yamera, undiuze kutalika kwake ndi mtundu wa masamba.

Ntchito yayambanso. Sabata ino ndi ya maliro, munthu wamkulu wa m'filimu amayi ake amwalira ndipo akuyenda ndi mtembo. Wakufayo ndi gogo wina woseka kwambiri, amadzuka pamachira n'kumapempha fodya. Ndatumiza marupiya 100.

Lemba, ngakhale mizere iwiri.

Irulandi

22 Novembala 1987

Ponnuthai,

Kalata yako yafika. Ndamva kuti muli moyo nonse, ndipo ndathokoza. Inenso ndili moyo.

Mizere iwiri ndinapempha, mizere iwiri wandipatsa, ndipo ulendo uno mawu onse ndi ako. "Ndinachita mmene munanenera. Inamera, yauma." Zotsalazo alamu alemba okha kumunsi, ndipo alamu, zikomo, simunathire mchere. Mwati inamera yonse bwinobwino, yotalika ngati chala, munda wonse kubiriwira, anthu mpaka kumaima panjira. Mwati Ponnuthai ndi Vasuki ankasenza madzi a pachitsime m'mitsuko kukathira mzere ndi mzere, mpaka chitsime chinayamba kutulutsa amchere okhaokha, ndi kuti mwendo uja watupanso. Mwati tsopano ukaponda imangofumbutuka.

Ndawerenga ndili pansanja, podikira kuti akonze magetsi. Ndinapinda kalatayo n'kuiika m'chipewa kuti isanyowe. Ndimayembekeza kuti ndilira kapena nditukwana. Palibe chimene chinabwera. Mpaka lero palibe. Ndimadya, ndimagona, ndimadzuka. Mtima wangokhala zii, ndipo zimenezi zikundiopsa pang'ono, koma ngakhale manthawo ali kutali.

Tsiku lomwelo tinali pa nyimbo ya alimi. Anabweretsa matope pa malole n'kupanga munda pakati pa situdiyo, ndi mbande za mpunga zogula ku Chengalpattu, mitolo yambirimbiri, zobiriwira bwino. Atsikana makumi awiri ovala ngati akumudzi anazibzala m'mizere. M'filimumo mudzi wakhala zaka zitatu wopanda mvula, ndiye mnyamata akuimba, kumwamba kukumva, anthu akuvina. Bwana anakuwa, ine ndinatsegula. Anavina pa mbande zija mpaka zonse zinalowa m'matope. Anabwereza, anabzala zina, anapondanso. Madzulo osesa anazikokolola ndi mafosholo n'kukataya kuseri.

Potsika, a Aasirvatham anandigwira paphewa.

"Ramnad, lero wagwetsa bwino. Ngakhale ine ndinayang'ana kumwamba."

"Zikomo achimwene."

"Kunyumba kuli bwino?"

"Kuli bwino."

Anandipatsa ndudu, ngakhale akudziwa kuti ndi chifuwachi sindisuta. Ndinaitenga.

Usamvere za anthu amene akuti unafesa msanga. Uwauze kuti mawu anachokera ku Madras, telegalamu uwaonetse ngati akufuna. Ine ndinamva bwana akuti gombe lonse, ndinaona madzi m'misewu ya kuno, ndinayesa kumwamba ndi kumodzi. Mpunga umene ndinamumana Vasuki ndaudyetsa fumbi. Akanadya, bwenzi pano tikuti mwina mwana ananenepako sabata imodzi. Usamuuze kuti ndatero. Kapena umuuze, kaya.

Mtsukowo uutsuke, uzisungiramo madzi. Mwendo upite nawo kuchipatala ku Paramakudi, usadikire. Ndatumiza ya basi ndi ya mankhwala.

Irulandi

20 Disembala 1987

Ponnuthai,

Moni kwa iwe ndi ana. Ndakondwa kuti kuchipatala anakupatsa jakisoni ndi kuti kutupa kwatsika. Ine andichotsa pansanja. Ndinachita chizungulire tsiku lina, palibe chimene chinathyoka. Tsopano ndimakhala pansi pafupi ndi thanki, kutsegula ndi kutseka mpopi waukulu. Ndalama yake ndi yocheperako, koma ndimauma. A Aasirvatham ndi amene anandipempherera malowa.

Ndiye yagwa. Alamu, mwati inagwa sabata yathunthu, dziwe ladzaza mpaka pamasitepe a kachisi, ndipo anthu anapha mbuzi kwa Amman. Mwati a Mayandi atulutsa thumba lawo lachiwiri, ndi kuti madzi afika mpaka m'munda mwathu popanda wokaima pogawira. Ndamva. Wandifunsa ngati ndakondwa. Sindikudziwa, Ponnuthai. Ndinawerenga ngati mmene ndimawerengera mitengo ya zinthu pakhoma la sitolo.

Za munda, alamu atenge. Zaka khumi mmene ananenera, ndipo ndalama ya chaka choyamba akupatse iwe m'manja, ugule mpunga wokwana mpaka Marichi ndi nsapato za Vasuki. Alamu, munanena kuti mudzagoneka mbuzi zanu mmenemo mutazidyetsa nyemba za mitengo yaminga, kuti ndowe zifese zokha. Chitani. Pepala lililonse lofuna dzina langa mutumize, ndisaina. Ndinati sindinatope. Ndatopa.

Wanenanso kuti pakona ya kumgwalangwa, pamene fumbi linali lakuya, pamera mpunga wofiira umene sunadzuke ulendo woyamba uja, malo okwana mphasa imodzi. Ukufunsa kuti utani, ndipo ukuti suchita kanthu mpaka nditanena. Usandifunse. Za mbewu ndinanena kale zokwanira. Malo a mphasa si munda, ndipo nyengo yapita. Upumitse mwendo wako.

Pa Pongal sindibwera. Mafilimu ambiri akuthamangira kutuluka nthawi imeneyo, ndiye ntchito ilipo tsiku lililonse. Ugule mpunga woyera pang'ono ndi shuga wakuda, mphika ufufume monga mwa nthawi zonse, ana akuwe nawo anzawo. Vasuki akafunsa za lonjezo langa lija, umuuze kuti bambo ake analakwitsa. Marudhu umuonetse chithunzi changa nthawi ndi nthawi.

Ndine mwamuna wako,
Irulandi

Alamu a Kasi, apa tsitsani mawu. Izi ndi zanu nokha, musamuwerengere.

Mbuzi zisanalowe, mukadule nthambi za minga yanu ija mutchinge kamalo ka kumgwalangwako. Mutchinge mothinana, ana a mbuzi amalowa paliponse. Ndikamuuza iye kuti akasamale, ayambanso kusenza mitsuko ndi mwendo umene uja, ndipo mpungawo ukafa adzaulira kachiwiri chifukwa cha mawu anga. Akakufunsani, munene kuti ndi nzeru zanu, mukufuna kuona ngati ungabereke. Adzakhulupirira, amadziwa kuti simutaya kanthu.

Ukafa, musandilembere. Ukabereka, mupulule ndi zala, muumitse pamthunzi, musunge kwanu. Ngakhale utakwana dzanja limodzi. Pa ndalama ya munda muchotsepo ya malo amenewo, sindikangana nanu.

Chikwatirire mlongo wanu sindinakupempheni kanthu, ndipo ndakunyozani m'makalata amene munkawerenga ndi pakamwa panu. Mukakana ndilibe chonena. Ndagwada, alamu.

Tsopano kwezani mutu, akukuyang'anani. Mumuuze kuti kalata yathera pa dzina langa.